Malisiti anasowa koma wogula akufuna ripoti la kaboni: mmene mungadzazire mipata osanama

Nthawi zambiri zimayamba chonchi. Mwakhala mukutumiza mtedza, tsabola kapena makadamiya kwa wogula wina wa ku Netherlands kapena ku UK kwa zaka zingapo popanda vuto, ndiye tsiku lina kwangobwera imelo yokhala ndi fomu ya Excel, akufuna adziwe kuti kampani yanu inatulutsa matani angati a kaboni, mpweya wotenthetsa dziko monga CO2, chaka chatha, Scope 1, Scope 2, Scope 3, ndipo muyankhe pasanathe masabata atatu. Bwana aitana akauntanti, akauntanti aitana wa ku stores, onse akupeza kuti malisiti a dizilo a miyezi inayi kulibe, buku la jenereta linalekezera mu Juni, ndipo mameseji a mayunitsi a ESCOM anali mufoni ya mnyamata amene anasiya ntchito kalekale. Apa ambiri amachita chimodzi mwa ziwiri, kulemba ziro pamene sakudziwa kapena kungopeka nambala yooneka bwino. Zonse ndi zolakwika. Kuyerekeza nkololedwa, GHG Protocol yomwe, ndondomeko yowerengera kaboni imene mabungwe a WRI ndi WBCSD anatulutsa koyamba mu 2001 ndipo pafupifupi aliyense amaitsata, imadziwa kuti palibe kampani yokhala ndi manambala onse. Chimene salola ndi kuyerekeza mobisa.

Gawo loyamba: jambulani malire, kenako lembani zimene mulibe

Musanatsegule kalikuleta, gwirizanani kuti mukuwerengera chaka chiti komanso malo ati. Ngati mabuku anu a ndalama amayenda Epulo mpaka Malichi, kaboni naye ayende choncho, musasakanize ndi Januwale mpaka Disembala chifukwa mudzadzisokoneza nokha chaka chamawa. Kenako mndandanda: fakitale, ofesi ya mtauni, nyumba yosungira katundu yomwe mumachita lendi, magalimoto, jenereta, cold room. Scope 1 ndi zimene mumawotcha kapena kutulutsa nokha, dizilo, petulo, gasi wophikira, gasi wa mafiriji amene wathawa. Scope 2 ndi magetsi amene mumagula. Scope 3 ndi zina zonse za anthu amene mumachita nawo malonda, ndipo muyezo wake wa mu 2011 unazigawa m'magulu 15, koma kampani yaing'ono sikhudzidwa ndi onse.

Pambali pa chinthu chilichonse lembani chimodzi mwa zitatu: tili nazo zonse, tili nazo zina, tilibiretu. Basi. Pepala limeneli ndi limene likuuzeni pamene pakufunika kuyerekeza.

Gawo lachiwiri: fufuzani kaye, mpata wina si mpata

Ndanena izi poyamba chifukwa anthu amathamangira kuyerekeza zinthu zoti zili mu drowa. Malisiti a dizilo asowa, chabwino, koma ngati mumamwetsa pa akaunti kapena ndi khadi la mafuta, filling station ili ndi sitetimenti, apempheni. Mayunitsi amagetsi ngati munkagula pa Airtel Money, Mpamba kapena pa app ya banki, mbiri yake ilipo. Amene amakonza cold room ali ndi ma job card. Wa transport ali ndi ma delivery note. Patulani masiku awiri oimba mafoni, mudzadabwa kuti theka la mipata latsekeka lokha.

Gawo lachitatu: yesani mwachisawawa kuti muone zazikulu

Apa mupange masamu a pamsana pa envelopu, osafuna kulondola. Cholinga nchoti mudziwe pamene pali nyama. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.68 a CO2, petulo pafupifupi 2.3, gasi wophikira pafupifupi makilogalamu 3 pa kilogalamu iliyonse. Ndiye ngati jenereta ndi malole anu amamwa malita 40,000 pachaka, amenewo ndi matani opitirira 100. Mapepala a mu ofesi mwina safika ndi tani imodzi yomwe. Ndinaonapo munthu atatha sabata yathunthu akuwerenga ma ream a mapepala ndi ma toner pomwe dizilo wa miyezi inayi anangomulemba mongoganizira, kumeneko ndiye kusesa pakhonde m'nyumba muli matope. Lamulo langa ndi loti chinthu chachikulu chimafuna umboni wamphamvu, chaching'ono yerekezani mwachangu mupitirire.

Gawo lachinayi: sankhani njira yodzazira, kuyambira yabwino kutsika

Njira zilipo zingapo ndipo sizofanana mphamvu. Yabwino kwambiri ndi kugwiritsa ntchito manambala anu omwe a miyezi ina. Ikalephereka, gwiritsani ntchito chinthu china chimene munayeza chomwe chimayendera limodzi ndi chosowacho, monga maola a jenereta kapena makilomita a galimoto. Ikalephereka imeneyo, tembenuzani ndalama kukhala malita kapena mayunitsi. Kenako pali kubwereka avereji ya malo ena ofanana ndi anu. Yomaliza, yofooka kuposa zonse, ndi kuchulukitsa ndalama zimene munawononga ndi nambala ya kaboni pa dola imodzi. Musadumphire pansi pomwe pamwamba pali potheka.

Tiyeni tizione chimodzichimodzi pa zinthu zimene zimavutadi.

Dizilo wa miyezi yosowa. Anthu ambiri amatenga avereji ya miyezi isanu ndi itatu yomwe ali nayo nkuchulukitsa ndi 12. Zimatheka ngati ntchito yanu ndi yofanana chaka chonse, koma kwa ife a zaulimi sizili choncho, fakitale ya mtedza imalira usana ndi usiku pambuyo pokolola ndipo mu Febuluwale imakhala ngati kumanda. Ngati miyezi yosowayo ndi ya sizoni, avereji wamba ikupatsani nambala yochepa kwambiri. Chitani izi: pa miyezi yomwe muli ndi malisiti, gawani malita ndi matani a katundu amene munakonza. Tinene kuti mwapeza malita 18 pa tani. Miyezi yosowayo munakonza matani 300, zimenezi mukuzidziwa chifukwa buku la production silisowa, bwana amaliyang'ana tsiku lililonse. Ndiye 300 kuchulukitsa ndi 18 ndi malita 5,400, kuchulukitsa ndi 2.68 ndi matani pafupifupi 14.5. Koma funsaninso kuti miyezi imeneyo magetsi ankazima bwanji. Amene akuwerengera 2022 akumbukire kuti namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale chaka chimenecho dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, majenereta anagwira ntchito ngati abulu, ndiye kuyerekeza 2022 ndi manambala a 2021 kungakunamizeni.

Jenereta yopanda buku. Pitani mukaione, majenereta ambiri akuluakulu ali ndi mita ya maola pa panelo. Ngati amene amapanga service analemba maola pa sitika kapena pa invoisi ulendo wapita, chotserani, mwapeza maola a pakati pake. Kenako tengani pepala la wopanga jeneretayo, limanena malita pa ola ikamakoka theka, magawo atatu mwa anayi, kapena mphamvu zonse. Mukapanda kudziwa mmene imakokera tengani 75 peresenti ndipo mulembe kuti mwatero. Njira ina yosavuta kwambiri, dzazani thanki Lolemba, lembani maola, dzazaninso Lachisanu, mwapeza nambala yanuyanu yoposa ya m'buku.

Kutembenuza ndalama kukhala malita. Apa ndiye pali dzenje limene ambiri amagweramo, ndikhalapo pang'ono. Ledger imasonyeza ndalama za mafuta mwezi ndi mwezi ngakhale malisiti atasowa, ndiye mukhoza kugawa ndalamazo ndi mtengo wa pa pampu. Ubwino wake kuno mitengo imalengezedwa ndi MERA ndiye ndi yodziwika. Koma gwiritsani ntchito mtengo wa mwezi womwewo, osati wa lero, osatinso avereji ya chaka. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, dizilo anachoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Ndiye K5,000,000 ya mu Okutobala inagula malita pafupifupi 2,604, pomwe K5,000,000 yomweyo mu Disembala inagula malita 1,829 okha. Kusiyana kwake malita 775, matani awiri a kaboni pa mwezi umodzi, chifukwa chongolakwitsa mtengo. Chinanso chimene palibe template ya kunja ingakuuzeni: nthawi imene mafuta ankasowa ena ankagula a m'zigubu pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo mu ledger zinangolembedwa kuti fuel. Mukagawa ndalama zimenezo ndi mtengo wa MERA mupeza malita ambiri kuposa amene analowadi mu thanki. Funsani madalaivala, amakumbukira bwino kuti chigubu cha malita 20 ankachigula zingati.

Magalimoto. Ngati mulibe malita koma muli ndi makilomita, kaya a pa odomita kaya a m'buku la maulendo, chulukitsani ndi mmene galimotoyo imamwera. Musatenge nambala ya mu kabuku ka wopanga, imeneyo anayezera pa msewu wosalala galimoto ili yatsopano yopanda katundu. Dalaivala amene amayenda Lilongwe–Blantyre, makilomita pafupifupi 310, akuuzani molondola kuti amathira malita angati popita ndi pobwera.

Magetsi. Mayunitsi a prepaid ndi ma kWh kale, ndiye mukapeza mbiri yogulira mwamaliza. Ngati muli pa lendi m'nyumba ya mita imodzi ndi anthu ena, gawanani potengera kukula kwa malo, inu muli ndi masikweya mita 200 mwa 800 ndiye kota ya bilu ndi yanu, pokhapokha ngati mnzanuyo ali ndi makina owotcherera zitsulo inu muli ndi malaputopu atatu, apo werengani zida zanu: mawati kuchulukitsa maola kuchulukitsa masiku, nkugawa ndi 1,000 kuti mupeze mayunitsi. Chenjezo lalikulu lili pa nambala yochulukitsira. Ma template ambiri amene amazungulira anapangidwira South Africa kapena UK. Magetsi a Eskom ya ku South Africa ndi a malasha, pafupifupi kilogalamu imodzi ya CO2 pa yuniti, pomwe athu ambiri amachokera pa madzi a Shire, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuphatikizapo sola ngati ya ku Salima, ndiye nambala yathu ndi yotsika kwambiri. Mukasiya ya South Africa mu fomu mwadzipachika nokha. Pezani nambala ya Malawi ya chaka chimene mukuwerengera, bungwe loona za mphamvu padziko lonse la IEA limatulutsa, bungwe la Ember nalo lili ndi manambala a dziko ndi dziko pa intaneti, ndipo mulembe kumene mwaitenga. Mudzaona chinthu chodabwitsa, kuti ola limodzi la jenereta limaipitsa kuposa maola ambirimbiri a ESCOM.

Gasi wa cold room ndi ma air con. Uyu ndi amene amaiwalika pafupifupi paliponse, chonsecho ndi woopsa. Kuyerekeza kwake nkosavuta: gasi amene mmisiri anawonjezera ndi amene anathawa. Yang'anani invoisi yake, ngati sanalembe makilogalamu muimbireni. R-404A amene ali m'ma cold room ambiri, kilogalamu imodzi imafanana ndi makilogalamu 3,922 a CO2 pa manambala a lipoti lachinayi la IPCC, bungwe la UN loona za kusintha kwa nyengo, R-410A ndi 2,088, R-134a ndi 1,430. Ndiye mmisiri akathira makilogalamu 5 okha a R-404A, amenewo ndi matani pafupifupi 20, chimodzimodzi kuwotcha malita 7,300 a dizilo. Ngati palibiretu cholembedwa, werengani pa kachitsulo ka pa makina kuti mumalowa gasi wochuluka bwanji, nkutenga peresenti ya kuthawa pachaka imene malangizo a IPCC a mu 2006 amapereka pa mtundu wa makinawo. Kulemba ziro chifukwa invoisi palibe ndiye ayi.

Katundu wopita kunja. Apa muyezo ndi matani kuchulukitsa makilomita. Matani mukuwadziwa, ali pa mapepala a kasitomu. Makilomita a pamsewu kukafika ku Beira, Nacala kapena Durban atengeni pa Google Maps, a panyanja pali mawebusaiti owerengera mtunda wa pakati pa madoko. Nambala zochulukitsira ambiri amatenga za boma la UK zimene anthu anazolowera kuzitchula kuti za DEFRA, zimatuluka chaka chilichonse ndipo ndi zaulere. Mwachidule thiraki yaikulu ili cha pa 0.1 kg pa tani pa kilomita, sitima ya makontena siifika ndi 0.02 yomwe, ndege ili cha pa kilogalamu yathunthu. Nambala za UK pa misewu yathu ndi mathiraki athu okalamba mwina zimachepa, ndiye lembani poyera kuti mwabwereka. Onaninso mgwirizano wanu wogulitsira, ngati amene amalipira sitima ndi wogula, ulendowo umalowa gulu lina la Scope 3, osati limodzi ndi umene mumalipira inu.

Alimi amene mumawagula. Kwa kampani ya zaulimi apa ndi pamene pamakhala phiri, ndipo palibe mlimi wa kumudzi amene amasunga malisiti a feteleza. Simungafunse alimi 2,000, funsani 40 kapena 60 osankhidwa mosakondera, a madera osiyana, aakulu ndi aang'ono, osati okhawo a pafupi ndi msewu amene alangizi amawakonda. Afunseni matumba angati, munda waukulu bwanji, anakolola zingati. Kenako masamu: thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni makilogalamu 23, poti urea ndi 46 peresenti. IPCC imati pafupifupi 1 peresenti ya nayitrojeni ameneyo amathawa ngati N2O, mpweya wina wotenthetsa dziko, mukatembenuza nayitrojeniyo kukhala N2O ndi 44 kugawa 28 mupeza makilogalamu 0.36, kuchulukitsa ndi 265, nambala yosinthira N2O kukhala CO2, ndi pafupifupi 96 kg. Onjezerani CO2 amene urea amatulutsa akasungunuka m'nthaka, 0.733 pa kilogalamu, ndi 37 kg. Thumba limodzi pafupifupi 130 kg, tisanawerengere kupangidwa kwake ku fakitale. Ndipo mufunse bwino, thumba limene mlimi wanena mwina linapita ku chimanga osati ku mbewu imene inu mumagula, a mtedza ambiri sathira nkomwe.

Maulendo a antchito obwera kuntchito musavutike nawo kwambiri. Kapepala ka mafunso atatu, mumakhala kuti, mumabwera pa chiyani, masiku angati pa sabata. Oyenda pansi ndi a kabaza wa njinga yakapalasa ndi ziro, a minibasi ndi a njinga yamoto awerengereni, mwatha.

Nkhuni za boiler, monga mmene mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje amachitira, CO2 wake amalembedwa payekha kunja kwa ma Scope, koma methane ndi N2O wa utsiwo amalowa mu Scope 1. Ngati nkhuni mumagula pa mendulo kapena pa lole, yezani malole atatu pa sikelo mupeze avereji, ndipo mulembe ngati zinali zouma kapena zaziwisi poti kulemera kumasiyana kwambiri.

Nanga njira yomaliza ija ya kaboni pa dola? Isungireni zinthu ngati inshulansi, ma audit fee, zipangizo za mu ofesi. Nambala zake zambiri zinapangidwa potengera chuma cha America kapena Ulaya, m'madola kapena mayuro a chaka china chake, ndiye mukuyenera kutembenuza kwacha ndi reti ya nthawi imene munagula. Vuto lake lina ndi loti mitengo ikakwera kaboni wanu amaoneka ngati wakwera pomwe mwagula zinthu zomwezo.

Gawo lachisanu: pokayika, kwezani pang'ono

Mukakhala ndi manambala awiri otheka ndipo palibe chokuuzani wolondola, tengani wokwererapo. Chifukwa chake ndi chophweka, chaka chamawa mukadzapeza manambala enieni ndi bwino ripoti lidzatsike kusiyana nkuti lidzakwere wogula nkuyamba kufunsa ngati munabisa dala. Koma musachite kuwonjeza mopanda nzeru kuti chaka chamawa mudzaoneke ngati mwachepetsa, oona mabuku amazidziwa zimenezo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: buku la zoyerekeza

Ili ndiye gawo limene limasiyanitsa kuyerekeza ndi kupeka. Tsegulani sheet ina mu Excel momwemo. Mzere uliwonse ukhale ndi chimene chinasowa, njira imene mwadzazira, kumene mwatenga nambala ndi chaka chake, amene anavomereza, tsiku, komanso mmene mukuikhulupirira, kaya kwambiri, pakatikati kapena pang'ono. Mulembe ngati mukulembera munthu amene adzalowe m'malo mwanu inu mutachoka. Mwachitsanzo: dizilo wa jenereta, Julayi mpaka Okutobala, malisiti anasowa, tagwiritsa ntchito malita 18 pa tani kuchokera pa miyezi 8 yomwe ilipo, matani 300 kuchokera m'buku la production, chikhulupiriro pakatikati. Mu sheet ya masamu manambala oyerekeza apatseni mtundu wina, ine ndimapaka chikasu, kuti aliyense akangotsegula aone kuti awa ndi oyezedwa awa ndi oganiziridwa. Ndipo nambala iliyonse yochulukitsira ikhale mu cell imodzi yokha imene ma formula onse akuloza, osati kulemba 2.68 pamanja malo makumi atatu, tsiku lodzasintha mudzalira.

Pomaliza pake werengani kuti ndi peresenti yanji ya matani onse imene yachokera ku zoyerekeza, muiike mu ripoti. Wogula akaona kuti mwanena nokha kuti 35 peresenti ndi yoyerekeza amakukhulupirirani kuposa amene wabweretsa matani 412.376 ngati anachita kuyeza pa sikelo ya golide. Manambala oyerekeza afupikitseni, matani 410 akwana.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: gwedezani muone ngati zigwa

Tengani zoyerekeza zitatu zazikulu, iliyonse muikweze ndi 20 peresenti kenako muitsitse ndi 20 peresenti, muone total ikusuntha bwanji. Ikasuntha pang'ono zisiyeni. Ikasuntha kwambiri, pamenepo ndi pamene muike mphamvu zopezera manambala enieni. Yerekezaninso ndi nzeru wamba: malita amene mwapezawo thanki yanu ingawasunge? Maola a jenereta apitirira maola a m'chaka, omwe ndi 8,760? Musaseke, ndinazionapo, munthu anasokoneza maola ndi ma kWh.

Gawo lomaliza: tsekani mpata kuti usabwerenso

Zoyerekeza za chaka chino zisakhale za muyaya. Gulani kabuku ka hardcover kakhale pa jenereta ndi cholembera chomangirira chingwe, mlonda azilemba maola ndi malita. Dalaivala azijambula lisiti ndi odomita nkutumiza pa gulu la WhatsApp asanachoke pa filling station, poti malisiti a makina aja amafufutika pakangotha miyezi iwiri m'dashibodi. Mmisiri wa mafiriji asalipidwe ngati invoisi ilibe mtundu wa gasi ndi makilogalamu. Mukadzapeza manambala enieni a chaka chimene munayerekeza ndipo kusiyana kwake nkwakukulu, makampani ambiri amaika malire pa 5 peresenti, bwererani mukakonze chaka choyambiracho ndi kulemba chifukwa chake, ndipo njira imene mwasankha chaka chino muigwiritsenso ntchito chaka chamawa pokhapokha mutapeza yabwino kuposa, apo mulembenso mu sheet ija tsiku limene mwasintha.